Kodi Malo Abwino Okhala Timawapeza Kapena Timawakonza?

Pali funso limene limabwera kawiri-kawiri akazi a msinkhu wathu akakhala pansi kuceza: "Kodi mukadzapuma pa nchito mudzakhala kuti?" Wina amati adzabwerera kumudzi, kumene kuli mphepo yabwino ndi ndiwo za kudimba. Wina amati sangacoke m'tauni cifukwa cipatala cili pafupi. Wina maso ake ali kwa mwana wake amene ali kunja kwa dziko. Atsikana athu naonso ali ndi funso lomweli, kungoti iwo amalifunsa foni ili m'manja, akuona zithunzi za maiko a eni. Tonse timaganiza kuti kwinakwake kuli malo kumene thupi lingapeze mphamvu, mtima n'kukhala pansi, munthu n'kukalamba bwino.

Cikhumbo cimeneci n'cakale. Mu 1516 Thomas More wa ku England analemba buku lofotokoza cisumbu congoganizira cimene zonse zinali kuyenda bwino, ndipo anacipatsa dzina lakuti Utopia, mau ocokera ku Cigiriki otanthauza kuti malowo kulibe. Ndifuna tiganizire pamodzi ngati malo abwino ndi cinthu cimene munthu amakacipeza cokonzeka kale, monga nyumba ya lendi, kapena ndi cinthu cimene anthu amacikonza okha. Funsoli si lamasewera, pakuti anthu amagulitsa minda, amasiya abale, ndipo ena amathera penshoni yonse pa kusamuka. Kuti tiyankhe bwino tipite kutali pang'ono, ku zisumbu za Okinawa m'dziko la Japan ndi ku dera lina la ku Finland. Konse kuwiri tidzaona kuti nkhani ya malo ndi nkhani ya kadyedwe zimayendera pamodzi.

Malo amene dziko lonse linawasirira

Mu November 2005 magazini ya National Geographic inatulutsa nkhani ya mtolankhani wa ku America, Dan Buettner, yonena za madera kumene anthu amakhala ndi moyo wautali kuposa kwina. Anachula atatu: Okinawa ku Japan, mapiri a Sardinia ku Italy, ndi tauni ya Loma Linda ku California. Pambuyo pake anaonjezapo Nicoya ku Costa Rica ndi cisumbu ca Ikaria ku Greece. Maderawa anachuka ndi dzina lakuti Blue Zones, cifukwa akatswiri awiri, Gianni Pes ndi Michel Poulain, pofufuza midzi ya okalamba ku Sardinia anali kuizunguliza pa mapu ndi inki ya buluu.

Mwa onsewa Okinawa ndiyo inachuka kopambana. Izi ndi zisumbu za kumwera kwa Japan, zofunda caka conse. Mu 1975 dokotala wina, Makoto Suzuki, anayamba kuyendera ndi kupima okalamba a kumeneko amene anafika zaka 100. Mu 1985, mwa zigawo 47 za Japan, Okinawa inali patsogolo pa kutalika kwa moyo, kwa amuna ndi akazi omwe. Kumbukirani kuti dziko la Japan lenilenilo lili m'gulu la maiko amene anthu ake amakhalitsa kwambiri padziko lonse.

Kodi okalambawo anakulira pa cakudya cotani? Kafukufuku wa mu 1949 anaonetsa kuti pa mphamvu yonse imene munthu wa ku Okinawa anali kupeza m'cakudya, pafupi-fupi magawo 7 mwa magawo 10 anali kucokera ku mbatata, imene ambiri timati kandolo. Zina zinali masamba, soya, mpunga pang'ono, ndi nsomba kapena nyama ya nkhumba mwa apo ndi apo. Mbatatayo inafika pa zisumbuzo mu 1605 kucokera ku China, ndipo inakondedwa cifukwa imabisala m'nthaka pamene mphepo zamkuntho zikugwetsa mbeu zina.

Kuonjezera pa zimene anali kudya, panali mmene anali kudyera. Anali ndi mau akuti hara hachi bu, otanthauza kudya kufikira mimba yadzala magawo 8 mwa magawo 10, n'kulekera pomwepo. Cakudya cokoma ndi copatsa thanzi anali kucicha nuchigusui, ndiye kuti mankhwala a moyo. Analinso ndi timagulu tochedwa moai, tofanana ndi cilimba cathu. Anthu ocepa amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kumapatsana mosinthana, ndipo pa tsiku lokumana amadya ndi kuceza pamodzi. Ena amakhala m'kagulu kamodzi kwa zaka zambiri-mbiri.

Cikome-kome ca mkuyu

Munthu akamva zimenezi akhoza kunena kuti, "Mwai ndi wao anabadwira kumeneko." Koma akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali zinthu zitatu zimene zithunzi zokongola za Okinawa sizionetsa.

Coyamba, malo amene alendo amawasirira lero, eni ake anali kuwathawa cifukwa ca umphawi. Mu 1908 sitima ya pamadzi yochedwa Kasato Maru inanyamula anthu 781 a ku Japan kupita kukagwira nchito m'minda ya khofi ku Brazil, ndipo 325 mwa iwo anali a ku Okinawa. M'zaka za m'ma 1920, mtengo wa shuga utagwa, njala inafika poti anthu anali kudya comera cina ca poizoni cochedwa sotetsu, atayamba aciviika ndi kucitsuka kuti ululu ucoke. Ena anafa naco. Mu 1945 nkhondo yaikulu inamenyedwa pa zisumbuzo kwa miyezi pafupi-fupi itatu, ndipo anthu wamba pafupi-fupi 100,000 anafa. Conco kafukufuku wa mu 1949 uja anapima mbale za anthu amene anali atangotuluka kumene m'nkhondo. Kudya pang'ono kwao unali mwambo ndithu, koma kunalinso kusowa.

Caciwiri, ziwerengero za okalamba zili ndi mafunso ake. Mabuku ambiri a kaundula wa mabanja ku Okinawa anapsa pa nkhondo, ndipo analembedwanso pambuyo pake. Mu 2010 boma la Japan linapeza kuti m'dziko lonselo anthu oposa 230,000 amene m'kaundula anali kuoneka ngati amoyo ndi zaka zoposa 100 sanali kupezeka. Ambiri anali atamwalira kale-kale popanda kufafanizidwa m'mabuku. Katswiri wina, Saul Newman, amatsutsa nkhani ya Blue Zones. Iye amati malipoti a anthu okalamba kwambiri amaculuka kumadera osauka kumene zikalata za kubadwa n'zosalongosoka, ndipo nthawi zina abale amabisa imfa kuti azilandirabe penshoni. Ofufuza a Blue Zones amayankha kuti iwo anatsimikizira zaka za okalamba ao mmodzi-mmodzi. Mkangano umenewu utiphunzitse kusathamangira nkhani iliyonse ya paradaiso wa padziko.

Cacitatu ndico cacikulu. Okinawa inasintha anthu ake ali pomwepo. Kucokera mu 1945 kufikira mu 1972 zisumbuzo zinali m'manja mwa America, ndipo misasa ya asilikali ake ikali komweko. Nyama ya m'zitini inalowa m'makhichini. Lesitilanti ya A&W yogulitsa zakudya zacangu inatsegulidwa kumeneko mu 1963, zaka 8 McDonald's isanafike ku Tokyo mu 1971. Mpunga woyera, buledi ndi zokazinga zinatenga malo a mbatata, ndipo galimoto inatenga malo a miyendo. Pofika mu 2000 amuna a ku Okinawa anali atatsika kufika pa nambala 26 mwa zigawo 47 zija, ndipo mu 2020 anali pa nambala 43. Akazi, amene anali oyamba kufikira mu 2005, mu 2020 anali pa nambala 16. Sikuti moyo wao unafupika. Zigawo zina zinapita patsogolo pamene iwo anatsalira, maka-maka cifukwa ca kunenepa kopitirira, mowa, ndi matenda a mtima ndi ciwindi pakati pa anthu a zaka zogwira nchito.

Taonani, amai. Nyanja ndi yomweyo, dzuwa ndi lomwelo, nthaka ndi yomweyo. Cimene cinasintha ndi mbale, ndi mmene anthu anali kukhalira pozungulira mbaleyo.

Dera la maliro limene linakonzedwa

Tsopano tione nkhani ina yoyenda mosemphana ndi imeneyi. North Karelia ndi dera la nkhalango ndi cisanu kum'mawa kwa Finland, kumalire ndi Russia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 palibe amene akanalicha malo abwino okhala. Amuna a kumeneko anali kufa ndi matenda a mtima pa mlingo umene unali umodzi mwa yaikulu kopambana padziko lonse. Ambiri anali alimi ndi odula mitengo, anthu olimbikira nchito, koma anali kugwa asanakalambe n'kusiya akazi amasiye ndi ana ang'ono-ang'ono. Cakudya cao cinali ca batala, mkaka wamafuta, soseji ndi mcere wambiri. Masamba anali ocepa, ndipo fodya anali ponse-ponse.

Atsogoleri a deralo anadandaula ku boma, ndipo mu 1972 inayamba nchito yaikulu yotsogoleredwa ndi dokotala wacinyamata, Pekka Puska. Iye ndi anzake anadziwa kuti munthu sangasinthe mphika wa eni ali mu ofesi. Anagwirizana ndi bungwe la amai lochedwa Martha, limene linayamba mu 1899 ndipo linali ndi nthambi m'midzi. Amaiwo anali kukonza maphwando a madzulo kumene mabanja anali kubwera kudzalawa ndiwo zao zomwe zija za masiku onse, koma zophikidwa ndi mafuta ocepa, mcere wocepa ndi masamba ambiri. Opanga soseji ndi buledi anapemphedwa kucepetsa mafuta ndi mcere. Alimi ena a mkaka anathandizidwa kuyamba kulima zipatso, ndipo mafuta ophikira a ku mbeu analowa m'malo mwa batala. Patapita zaka pafupi-fupi 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a zaka zogwira nchito zinali zitatsika ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse. Mankhwala atsopano anathandizako, koma ofufuza anapeza kuti mbali yaikulu inacokera ku kutsika kwa mafuta a m'magazi, BP ndi kusuta.

Cisanu ca ku North Karelia sicinasinthe. Dera labwino la Okinawa linatsalira anthu ake asanasamuke, ndipo dera la maliro la North Karelia linacira anthu ake asanasamuke.

Nanga amene amasamukadi? Mu 1976 Michael Marmot ndi Leonard Syme anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amuna oposa 3,800 a mtundu wa Cijapani okhala ku California. Amene anasunga miyambo ya kwao ndi kukhala pafupi ndi anthu a mtundu wao anali ndi matenda a mtima ocepa monga a ku Japan komwe. Amene anatayiratu makhalidwe a kwao anali nao kuwirikiza katatu kapena kuposerapo. Onse anali kupuma mpweya umodzi. Munthu posamuka amanyamula khalidwe lake monga katundu, ndipo akhoza kulisunga kapena kulitaya panjira.

Kudya ukudziwa kuti ukudya

Masiku ano anthu ophunzira amakamba zambiri za kudya modekha, ndiko kudya maganizo ako ali pa cimene ukudya. Zimamveka zopepuka, koma dzifunseni: pa nsima ya dzulo madzulo, kodi mukukumbukira kukoma kwa mbamu yacitatu? Ambiri timadya maso ali pa TV kapena pa foni, ena ali ciimire pafupi ndi mbaula, ena m'minibasi.

Thupi lili ndi njira yake youzira ubongo kuti cakudya cakwana, koma uthengawo umatenga kanthawi kuti ufike. Wodya mothamanga amaupitirira, ndipo pomva kukhuta amakhala atadya kale zoposa muyeso. Nzeru ya hara hachi bu yagona pamenepa: ukaleka usanakhutitse, pakapita kanthawi umapeza kuti wakhuta ndithu. Mu 2013 Eric Robinson ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 24, ndipo anapeza kuti munthu wodya maganizo ali kwina amadya zambiri pa nthawiyo, ndipo amadzadyanso zambiri pa cakudya cotsatira, ngati kuti thupi laiwala kuti linadya. Mu 2019 Kevin Hall wa ku America anasunga anthu 20 m'cipatala ca kafukufuku kwa mwezi umodzi. Masabata awiri anali kuwapatsa zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, masabata ena awiri zakudya zophikidwa kucokera ku zinthu zosasinthidwa, ndipo aliyense anali kudya mmene afunira. Pa zakudya za m'mafakitale anali kudya mofulumira, kuonjezera makalori pafupi-fupi 500 pa tsiku, ndipo ananenepa pafupi-fupi kilogalamu imodzi m'masabata awiri okha.

Zimenezi ndi za thupi. Koma ine ndiona kuti kudya modekha ndi nkhani ya khalidwe, cifukwa munthu wodekha pa mbale amaona zinthu zitatu zimene wothamanga saziona.

Amaona thupi lake. Amasiyanitsa njala yeniyeni ndi nkhuli, ndiponso ndi cisoni kapena kutopa kumene kumavala nkhope ya njala. Ambiri a ife timadziwa bwino pamene mwana wakhuta, koma sitidziwa pamene ife eni takhuta. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Amaona manja amene anagwira nchito. Mtanda umodzi wa nsima uli ndi wolima, wopalira, wokolola, wa pa cigayo, wotunga madzi ndi wogwira mthiko. Anthu a ku Japan asanadye amanena mau akuti itadakimasu, otanthauza kuti ndilandira modzicepetsa. Ife tili ndi pemphero la pa cakudya. Mwa zina, pempherolo limaimika dzanja kwa kamphindi kuti mtima ukumbukire kuti cakudyaci n'colandira. Tikalithamangitsa dzanja lili kale m'mbale, tataya phindu limeneli.

Cacitatu, amaona amene sanadye. Magawo awiri aja amene munthu wa ku Okinawa anali kusiya sanali kuuluka. Anali kutsala mumphika, ndipo m'nyumba yosauka cotsala mumphika ndico cakudya ca wina. Makolo athu anali kudziwa zimenezi pa mwambo wa cidyerano, pamene mabanja angapo anali kubweretsa nsima ndi ndiwo pamalo amodzi, amuna paokha, akazi paokha. Wamasiye ndi nkhalamba yopanda wophikira anali kudya nao. Podyera mbale imodzi mwana anali kuphunzira kuyang'ana dzanja la mnzake, kutema mbamu yoyenera, ndi kusiyira wamng'ono. Mwambowo unali ndi zofooka zake, pakuti kawiri-kawiri nyama yabwino inali kupita kwa abambo, amai ndi ana n'kutsala ndi msuzi. Izo n'zofunika kuzikonza. Koma maziko ake anali oona: kukhuta kwanga kuli ndi malire, ndipo malirewo ndi njala ya mnzanga.

Apa ndi pamene kadyedwe kakumana ndi malo. Mudzi kapena komboni kumene anthu amadya akuonana, kumene wodwala amalandira phala ndipo nkhalamba siigona ndi njala anthu osadziwa, ndiwo malo abwino okhala, ngakhale mseu wake ukhale wafumbi. Ngakhale Thomas More, poganizira cisumbu cake cija, anakonza kuti anthu ake azidyera pamodzi m'nyumba zazikulu.

Mafunso oyenera kuwayankha

Wina adzati, "Amai, kodi mukuuza wanjala kuti asakhute?" Funso limeneli n'loyenera. Mu February 2024 cilala cinalengezedwa kukhala tsoka la dziko lonse muno mu Zambia, ndipo mabanja ambiri anali kudya kamodzi pa tsiku. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kuuza mwana wotere kuti asiye magawo awiri ndi nkhanza. Malangizo a kulekeza usanakhutitse si a ana amene akukula, amai oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala, kapena amene akumwa mankhwala ofuna cakudya cokwanira. Ndi a ife amene tili nazo zokwanira, amene dokotala watiuza kale za BP ndi shuga. Nthawi zina anthu awiriwa amakhala m'nyumba imodzi: agogo onenepa ndi mdzukulu wopinimbira. M'nyumba yotere, kudya modekha ndi kuona kuti dzira lipite m'mbale ya mdzukulu.

Wina adzati, "Kodi ndiye kuti malo alibe kanthu?" Ali nako ndithu. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma nthaka ya m'makomboni ena ikali ndi mtovu umene umaononga ubongo wa ana. Palibe kutafuna modekha kumene kungacotse mtovu m'fumbi. Kumene kulibe madzi abwino, kumene cipatala cili kutali kwa munthu wodwala-dwala, kumene mkazi akumenyedwa, kusamuka kukhoza kupulumutsa moyo, ndipo wosamukayo asaimbidwe mlandu. Anthu a ku Okinawa amene anakwera sitima kuthawa njala sanalakwe. Cimene ndikana ndi ganizo lakuti malo paokha adzatipatsa khalidwe limene sitinalime.

Wina adzatinso, "Ine ndimayesa, koma ndimalephera." Nkhani ya North Karelia ikutonthozeni. Anthu a kumeneko sanacire cifukwa cakuti aliyense payekha analimba mtima. Anacira cifukwa cakuti mphika wa mnansi unasintha, wogulitsa soseji anasintha, ndipo pa phwando la m'mudzi panali ndiwo zina. Mutu umodzi susenza denga. N'kovuta kucepetsa saladi ndi mcere pamene pa ukwati uliwonse, pa maliro alionse ndi pa msonkhano uliwonse ulemu umayezedwa ndi mafuta oyandama pa ndiwo ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kosadzala. Amene amagwira cipande pa misonkhano ndife. Tikagwirizana kuti cibwabwa cotendera, nyemba, mgaiwa ndi kandolo zikhale ndi malo aulemu patebulo la alendo, tidzakhala tacita zimene amai a Martha anacita kwao.

Posankha pokhala

Nkhani ya Loti timaidziwa tonse. Atapatsidwa mwai wosankha, anakweza maso, naona cigwa ca Yordano cothirira bwino, nasankha comweco. Anayesa nthaka ndi madzi, koma sanayese anthu amene anali kukakhala nao. Ifenso posankha malo timafunsa mtengo wa puloti, kutalika kwa mseu ndi magetsi. Amenewo ndi mafunso abwino. Koma onjezani awa.

Kodi kumeneko ndidzadya ndi ndani? Nyumba yaikulu ya mpanda wautali, kumene munthu amadya yekha TV ikulankhula, imakalambitsa msanga kuposa kanyumba kamene adzukulu ndi anansi amalowa osagogoda.

Kodi cakudya canga cidzacokera kuti? Kodi pali kadimba, msika wa masamba, kapena mtengo wa zipatso, kapena zonse zidzacokera m'mapaketi?

Kodi miyendo yanga idzakhala ndi nchito? Okalamba a ku Okinawa sanali kulipira ndalama kuti acite masewera olimbitsa thupi. Anali kulima, kuyenda pansi, ndi kukhala ndi kunyamuka pa mphasa kambiri pa tsiku.

Ndikadzadwala, ndani adzandiphikira phala? Funso limeneli lili ndi mnzake: kodi ndani adzadya cifukwa cakuti ine ndili pamenepo? Amene akufuna malo kumene anthu amasamalirana ayenera kufika ali wokonzeka kusamala ena. Tonse tikamafuna-funa mudzi wokonzedwa kale ndi anzathu, ndani adzatsala kukonza umene tilimo?

Ambiri a ife sitidzaona Okinawa kapena Finland, ndipo ena sitidzasamuka konse pamene tili. Koma cakudya ca madzulo ano cili m'manja mwathu. Zimani TV ndipo mafoni akhale patali. Itanani onse a m'nyumba akhale pansi nthawi imodzi, pamodzi ndi mtsikana wa nchito amene waphika. Gawani ndiwo mukuyang'ana amene akukula ndi amene akudwala. Tafunani mosathamanga, ndipo inu amene muli ndi zokwanira, sambani m'manja mimba isanatope. Cotsala mumphika cikhale ndi mwini wake, kaya ndi mwana wa sukulu wa mawa m'mawa, kaya ndi agogo a kuseri kwa mpanda. Mukatero sabata ndi sabata, ndipo anzanu awiri kapena atatu akatero naonso, malo amene mukhala adzayamba kusintha inu muli pomwepo.